Masabata Awiri a Nyama

Hawalli, 13 Febuluwale 1999

Amake Ragab,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Ragab, Sabah ndi amayi anga. Ine kuno ndili bwino, Mulungu atamandike, kungoti bondo lija limadandaula m'mawa ndikamatsuka magalimoto, chifukwa madzi akuzizira mwezi uno.

Ndatumiza madinari 40 monga mwa nthawi zonse. Mukamalandira muwerenge pamaso pa munthu wa pawindoyo, musachite manyazi. Muyambe mwagula chakudya cha ng'ombe, kenako mankhwala a amayi. Kodi chifuwa cha Sabah chinatha? M'kalata yanu simunatchulepo, ndipo inu mukakhala chete pa chinthu ine ndimadziwa kuti sichinathe.

Pali kanthu kachitika kuno, sindikudziwa ngati n'kabwino kapena n'koipa. Lachiwiri masana ndikusesa pakhomo panafika mayi wina wovala bwino, atanyamula chikwama cha mapepala. Ndinayesa akufuna nyumba ya lendi, ndiye ndinawauza kuti makomo onse khumi ndi awiri muli anthu.

Iwo anati, "Ayi bambo, ine ndikufuna khomo lachikhumi ndi chitatu."

Ndinati kulibe. Analoza kachipinda kanga ka pansi pa masitepe. "Nanga ilo si khomo? Simugona m'menemo?"

Dzina lawo ndi Mayi Suhaila, kwawo ndi ku Jordan, ndipo atumidwa ndi ofesi ina yowerenga chuma cha anthu. Anandionetsa pepala la chidindo. Ataona nkhope yanga anaseka, n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana.

Anati, "Tiyerekeze kuti anthu onse a m'dziko muno tawaimika pamzere umodzi. Kutsogolo kuli amene amapeza ndalama zambiri kuposa onse, kumbuyo kuli amene amapeza zochepa kuposa onse. Ife tikufuna kuyeza kutalika kwa mzerewo. Tikatero tiuika pambali pa mzere wa ku Falansa, wa ku Japani, wa ku Swideni, wa ku Amereka, kuti tione kumene wakutsogolo ndi wakumbuyo atalikirana kwambiri."

Ndinati, "Nanga ine ndalakwanji, mayi?"

"Simunalakwe. Makomo tinasankha mwa maere, ndiye maere agwera khomo lanu."

Akuti pa 1 Malichi andibweretsera kope. M'menemo ndilembe malipiro anga, ndiponso chilichonse chimene ndagula kwa masiku khumi ndi anayi, ngakhale machesi. Akuti ndi zachinsinsi. Anafunsa nambala ya lamya, ine ndilibe, ndiye ndinapereka ya ku ofesi ya abwana.

Gomaa, mlonda mnzanga uja wa ku Qena, wa pa nyumba yoyandikana ndi ino, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe Shehata, alonda ali mbwee mumzinda muno, maere n'kugwera iwe amene umaopa ndi chithunzithunzi chako chomwe? Ukaima kumbuyo kwenikweni, mchira wa bulu!"

Ndinaseka naye, koma mawuwo sanandichoke. Eni dziko lino amakonda kutchulidwa pamodzi ndi mayiko olemera. Bwanji mzerewo ukatalika chifukwa cha ine, dziko n'kuchita manyazi pamaso pa Falansa? Sadzafunsa kodi kuti amene waima kumbuyoko ndani? Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala pansi pa masitepewa popanda wa boma aliyense kudziwa khomo langa, ndipo zinali bwino choncho.

Nkhaniyi musauze amayi.

Ndine mwamuna wanu,
Shehata


Hawalli, 27 Febuluwale 1999

Amake Ragab,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti Sabah wayambanso sukulu. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndachita chinthu chimene Gomaa akuti ndi uchitsiru. Ndinapita kwa Bwana Abu Nizar, amene amayang'anira nyumbayi m'malo mwa mwini wake, kukawauza za mayi aja. Ndinaganiza kuti kachipindako si kanga, khomo si langa, ndiye ndingalandire bwanji mlendo wa chidindo iwo osadziwa? Akanamvera kwa ena zikanaipa koposa.

Ndikuuzeni chimene sindinakuuzenipo zaka zonsezi. Pa pepala limene ndinasaina polowa ntchito analembapo kuti malipiro anga ndi madinari 90. M'manja ndimalandira 40. Ambiri a ife zimatero. Tsiku loyamba lomwe bwana anandiuza kuti pepala ndi la boma, koma pangano ndi la ine ndi iwo. 40 yonseyo imabwera kwa inu. Ine ndimadya za magalimoto asanu amene ndimatsuka, madinari atatu iliyonse, 15 pamwezi. Sindinabise kuti ndikunamizeni, ndinangoona kuti palibe chimene mungachitepo.

Ndinawapeza akumwa khofi, ndipo anandisiya chiimire. Nditatha kufotokoza anati, "Ndiye ukalemba zingati?"

Ndinati, "Zimene munganene, bwana."

"Pepala lako likuti zingati?"

"90, bwana."

"Ndiye ukundifunsiranji? Munthu amalemba zimene zili pa pepala. Za magalimotozo usatchule, chitupa chako sichikulola kutsuka galimoto ya munthu." Kenako anatsegula kabati, n'kutulutsa pasipoti yanga, n'kumaitembenuza m'manja. "Chitupa chako chokhalira muno chikutha liti, Shehata?"

"Pa 12 Meyi, bwana."

"Amasaina ndani kuti chiwonjezedwe?"

"Inu, bwana."

"Chabwino. Pita ukathirire maluwa."

Nditamuuza Gomaa anagwira kumutu. Anati, "Mbuzi yapita yokha kwa wopha nyama kukafunsa ngati mpeni wanoledwa! Ukanangokhala chete, ukanalemba zako, bwanayo akanadziwira kuti?" Mwina akunena zoona. Koma ine ndikanakhala chete ndikanadwala.

Ndiye ndilemba 90. Ndi bodza limodzi lokha, Mulungu andikhululukire. Ndikasiya kulemba choncho chitupa sichisainidwa, ndipo chikapanda kusainidwa mwadziwa kale. Komanso ndaganiza kuti 90 indisunthira kutsogolo pang'ono pamzere uja, dziko silichita manyazi, aliyense akhala pamtendere.

Tirigu wa kumunda wa kumtsinje musachedwe kumuthirira, ndipo mchimwene wanga akafuna kubwereka pampu muuzeni abweze tsiku lomwelo. Ragab asamapite ndi ng'ombe pafupi ndi msewu waukulu. Ndimalota zoipa za msewu umenewo.

Shehata


Hawalli, 9 Malichi 1999

Amake Ragab,

Mtendere kwa inu ndi ana. Ine ndili moyo.

Mukapita kukatenga ndalama mukapeza madinari 22, osati 40. Musakakangane ndi munthu wa pawindo, sanakubereni. Ndine ndatumiza zochepa. Sindinadwale, sanandibere, ndipo sindinayambe khalidwe lililonse loipa. Ndikufotokozerani, koma muwerenge muli nokha.

Kope linabwera pa 1. Pamwamba ndinalemba 90. M'munsi ndinayamba kulemba zogula zanga monga zilili: buledi, nyemba, anyezi, tiyi, shuga pang'ono. Tsiku lachinayi Mayi Suhaila anabwera kudzaona mmene ndikulembera. Ndinawapatsa mpando wanga umodzi uja, ine n'kukhala pa ndowa. Anayamikira tiyi wanga, anati ndi wamphamvu ngati wa agogo awo. Kenako anawerenga, n'kukhwinyata nkhope.

"Bambo Shehata, masiku anayi mwagula zinthu za madinari awiri okha. Kumudzi mumatumiza 40, malisiti ake ndi awa. Nanga 50 yotsalayo imapita kuti?"

Anafunsa mwaulemu. Ndinati mwina ndimaiwala kulemba zina.

"Musamaiwale, chonde. Ndipo muzisunga malisiti. Kope limene zolowa ndi zotuluka zatalikirana chonchi akuluakulu anga amalibweza, n'kutuma munthu wina kudzafunsanso."

Munthu wina, Amake Ragab! Wina amene sadzamwa tiyi wanga.

Ndinathamangira kwa Gomaa. Anati, "Nena kuti umasunga pansi pa matiresi."

"Akati ndionetse?"

"Nena kuti umasuta."

"Akufuna malisiti."

"Basi nena kuti uli ndi mkazi wachiwiri ku Farwaniya. Mkazi wachiwiri sapereka lisiti!"

Iye zonse ndi nthabwala. Ine ndinakhala pansi n'kuwerengera katatu. Munthu wolandira 90 amene amatumiza 40 ayenera kudya 25 pa masabata awiri. Ine ndimadya 7. Yoperewera ndi 18. Ndiyo ndachotsa pa ndalama zanu. Bodza la pamwamba lija ndi lokwanira, sindingathe kuwonjezera mabodza makumi atatu m'munsi mwake, tsiku lililonse bodza, ndi dzanja langa lomwe. Ndaona kuti kuli bwino ndigule zinthuzo zenizeni, kuti zimene ndikulembazo zikhale zoona.

Ndiye ndagula nyama ya nkhosa kilo imodzi, madinari awiri. Nkhuku yathunthu. Mpunga wautali uja, maapozi, sopo wonunkhira, ndi nkhwaira zatsopano ngakhale zakale zinali zisanathe. Chilichonse chili ndi lisiti lake. Mwini golosale wa pakona anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndalandira chuma cha masiye.

Nyamayo sitsika bwino. Mimba yanga inaiwala kale ntchito imeneyi, ndipo ndikaika nthuli mkamwa ndimaona nkhope ya Sabah. Ndilibe firiji, ndiye zimayenera kutha tsiku lomwelo. Gomaa amabwera kudzandithandiza. Dzulo ananyambita zala, n'kukweza manja kumwamba, n'kunena kuti, "Mulungu adalitse Falansa ndi Japani yemwe!" Sindinaseke.

Kwatsala masiku asanu. Mankhwala a amayi musadumphe, muchepetse kwina. Za chikondwerero cha nsembe chikubwerachi tikambirana m'kalata ina.

Mundikhululukire.
Shehata


Hawalli, 16 Malichi 1999

Amake Ragab,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kalata yanu ya pa 2 inandipeza Loweruka, ndipo ndikudziwa kuti munailemba musanaone 22 ija. Mwati mwalowa nawo gulu la mabanja asanu ndi awiri ogula ng'ombe ya nsembe, ndipo Ragab wauza kale anzake kuti chaka chino nafenso tipha. Kalatayo ndinaiwerenga m'mbale muli mwendo wa nkhuku. Sindinaumalize.

Pitani mukawauze kuti tatuluka m'gululo. Munene kuti ndine ndakana, mlandu ukhale wanga.

Dzulo Mayi Suhaila anabwera kudzatenga kope. Anawerenga tsamba ndi tsamba, akuyerekeza ndi malisiti, ndipo anakondwa. Anati, "Tsopano zikugwirizana. Mumadya bwino ndithu, Bambo Shehata, kuposa ine!" Kenako anandipatsa cholembera kuti ndisaine pansi pa mawu onena kuti zonse zolembedwa m'kopemo ndi zoona.

Ndinagwira cholemberacho nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Sikulimba mtima, mumandidziwa. Mwina ndi mawu aja akuti mumadya bwino. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Mayi, ine sindilandira 90."

Ndinanena zonse. Za pepala, za 40, za magalimoto asanu, za pasipoti ya m'kabati. Iwo anayang'ananso malisiti aja.

Anati, "Nanga nyama yonseyi?"

Ndinati, "Ndi ya ana anga. Ndawadyera."

Anaika kope pamiyendo. Kenako anakhwatcha 90 ija, n'kulemba 40, pambali pake 15. Analembanso mawu ambiri m'mphepete. Ndinawagwira mkono wa malaya, chinthu chimene sindinachitepo kwa mkazi wa eni, n'kuwapempha kuti abwezeretse 90. Anakana.

Anati, "Bambo, ntchito yonseyi tikuichitira anthu ngati inu. Aliyense wakumbuyo akalemba za pa pepala, mzere uoneka waufupi, ndipo a kutsogolo adzati zonse zili bwino. Musaope. Tsamba la dzina limachotsedwa, kumatsala manambala okha. Bwana wanu sadzaliona kopeli, ndikulumbira pa ana anga."

Ndinasaina.

Atapita ndinamva kupepuka, ngati munthu amene watula thumba la simenti. Ndinadya buledi ndi anyezi, ndipo zinandikomera kuposa nkhosa ija. Koma lero m'mawa nkhawa yabwerera pamalo pake. Bwana anadutsa kudzaona pampu ya madzi, anandifunsa ngati za kope zija zinatha. Ndinati zinatha. Anati, "Unalemba bwino?" Ndinati ndinalemba bwino. Anandiyang'ana pang'ono, kapena mwina ndimangoganiza.

Gomaa sindinamuuze. Inu nokha ndi amene mukudziwa.

Mwezi wamawa ndidzatumiza 40 yathunthu, Mulungu akalola, ndipo ndidzayesa kuwonjezerapo ziwiri kapena zitatu.

Shehata


Hawalli, 6 Epulo 1999

Amake Ragab,

Mtendere. Pepani kuti ndakhala chete masabata atatu. Sindinadwale. Makalata anu awiri ndalandira. Mawu amene munalemba m'kalata yoyamba ija sindikukwiya nawo, munali ndi ufulu wonena. Ndathokoza kuti mlongo wanu anakugawirani kanyama pa tsiku la nsembe. Mwati Ragab sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Musamukalipire.

Ndatumiza 40. Ziwiri zija sizinatheke.

Muyambe kusamala kwambiri. Mafuta a nyale, shuga, zonse. Njerwa za chipinda cha Ragab zija musaitanitse kaye. Wosoka zovala muuzeni adikire.

Ndinafuna kulekera pomwepa, koma mudzamvera kwa ena, ndiye kuli bwino mumve kwa ine. Patapita masiku anayi chichitikire chikondwerero, bwana anandiitanitsa ku ofesi. Ulendo uno anandiuza kuti ndikhale pampando, ndipo ndinadziwiratu kuti zaipa.

Anati, "Shehata, kunabwera lamya. Bambo wina waulemu kwambiri, dokotala wa manambala. Akuti ali ndi kope lina limene malipiro analembedwa 90 kenako n'kukhwatchidwa, ndipo mwa lamulo la ntchito yawo kope lokhwatchidwa amayenera kulitsimikiza. Anaimba nambala imene inali pamwamba. Anandifunsa kuti, kodi mlonda wa pa nyumba yanu amalandira 90 kapena 40?"

Nambala ija, Amake Ragab. Ndinaipereka ndekha tsiku loyamba.

"Ndinamuyankha kuti 90, monga pepala likunenera. Anathokoza, n'kupepesa kuti wandisokoneza." Bwana anamwetulira. "Ndiye iwe ndiwe wa 40, eti? Ine ndimayesa ndimasunga munthu, osadziwa kuti ndimasunga mlembi."

Ndinagwada. Sindichita manyazi kukuuzani. Ndinatchula zaka zisanu ndi zinayi, ndinatchula ana, ndinawakumbutsa kuti sipanasowepo ngakhale babu limodzi pa nyumbayo. Ndinati andichotsere zisanu pa malipiro. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Dzuka, ukudetsa thalauza. Ugwire mpaka pa 10 Meyi."

Ndinafunsa za chitupa. Anati dzanja lawo likupweteka masiku ano.

Mwina asintha maganizo. Anthu amasintha. Masitepe ndikuwakolopa kawiri patsiku tsopano, ndipo galimoto yawo ndikuitsuka osawauza. Ndikufunsanso kwina ngati pali amene angandilandire, koma kusamukira kwa bwana wina kumafunanso saini ya yemweyu.

Gomaa nditamuuza sananene nthabwala iliyonse. Anangondithirira tiyi. Zimenezo zinandiopsa kuposa mawu a bwana.

Amayi musawauzebe.

Shehata


Hawalli, 24 Epulo 1999

Amake Ragab,

Moni nonse. Ine ndilipo. Bondo likuvuta chifukwa ndayenda kwambiri masiku ano.

Ng'ombe musagulitse. Ndikubwereza, musagulitse, ngakhale mchimwene wanga anene zotani. Ndi yokhayo imene itidyetse miyezi ikubwerayi.

Ndinapita kukafuna Mayi Suhaila. Sindinapite kukakangana nawo. Ndinaganiza kuti popeza ofesi yawo ndi ya chidindo, mwina angandilembere kalata yopita kwa bwana, kapena dokotala uja angaimbenso lamya n'kunena kuti panali kulakwitsa. Ndinakwera mabasi awiri. Mlonda wa pageti, munthu wa ku Asyut, anandikaniza kulowa, koma atamva kuti ndimalankhula ngati anthu a kwawo anandilola kudikira pamthunzi. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka.

Mayi Suhaila atatuluka n'kundiona anandizindikira msanga. Nditawauza zimene zachitika nkhope yawo inasintha, anagwira pakamwa. Anati, "Ine sindinadziwe kuti aimba. Tsamba la dzina timachotsa pomaliza, akatha kutsimikiza. Sindinaganize za nambalayo. Bambo Shehata, ndakulakwirani."

Ndinati zapita, koma andithandize ndi kalata. Analowanso mkati. Anakhalako nthawi, ndipo potuluka maso awo anali ofiira. Akuti dokotala wati ofesi yawo imayeza chabe, silowerera pakati pa munthu ndi bwana wake. Akuti ndikhoza kukadandaula ku ofesi ya za ntchito. Ndinafunsa kuti mlandu wotere umatenga nthawi yaitali bwanji. Anati miyezi. Ine ndatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo pepala lokhala ndi saini yanga likuti 90.

Anatsegula chikwama kuti andipatse ndalama. Ndinakana. Mwina ndinalakwa, koma ndinakana.

Ndisanachoke ndinafunsa chinthu chimodzi chimene chakhala chikundidya. Ndinati, "Mayi, nanga mzere uja? 40 yangayo yautalikitsa kwambiri? Dziko lachita manyazi?"

Anayang'ana pansi. Anati, "Kope lanu analichotsa."

Ndinayesa sindinamve bwino.

Anati, "Pali zifukwa ziwiri. Inu mwati 40, bwana wanu wati 90, ndiye akuti nambala yosatsimikizika siingalowe. Chachiwiri, akuluakulu agwirizana kuti poyerekeza ndi mayiko aja tiyenera kuyeza zofanana ndi zimene iwo amayeza, mabanja okhala m'nyumba zenizeni. Amuna okhala okha m'zipinda za alonda, m'misasa ya antchito, pamadenga, onsewo awapatula. Akuti khomo lanu silinayenera kulowa m'maere n'komwe. Amene analemba mndandanda wa makomo ndiye analakwitsa."

Ndinati, "Ndiye ine ndaima pati pamzerepo?"

Anati, "Simuli pamzere, bambo."

"Nanga Gomaa? Nanga uyu wa pagetiyu?"

Anapukusa mutu. Anati anatsutsa pamsonkhano, koma iwo ndi wongotumidwa. Anati mzere wa dziko lino ukuoneka kuti utuluka wooneka bwino.

Ndinawathokoza, sindikudziwa chifukwa chake. Pobwerera ndinaphonya basi yachiwiri, ndinayenda wapansi kuchokera pa mphambano yaikulu. Njira yonse ndinkangowerenga amuna amene ndinkakumana nawo: osesa msewu, onyamula njerwa, otsuka magalimoto, wogulitsa buledi. Ndinafika pa 64 n'kusiya.

Mwezi wonse uja ndinkaopa kuti andiona ndili kumbuyo. Ndinadya nyama ya ana anga chifukwa cha mantha amenewo.

Shehata


Hawalli, 9 Meyi 1999

Amake Ragab,

Mtendere ukhale nanu. Iyi ndi yomaliza kuchokera kuno, ndipo mwina ndifika pamodzi nayo.

Bwana sanasinthe. Andipatsa pasipoti dzulo, ndi malipiro a Epulo, ndi a masiku khumi a mwezi uno. Za ndalama zosiyira ntchito za zaka zisanu ndi zinayi anati tinathana kale mwezi ndi mwezi. Anandisainitsa pepala lonena kuti ndalandira zanga zonse. Ndinasaina. Tikiti ndagula ndekha, ya basi ndi sitima ya pamadzi, chifukwa ya ndege sindingaithe. Ndinyamuka mawa masana. Mulungu akalola ndifika Lachisanu kapena Loweruka.

Tsopano amayi mukhoza kuwauza. Munene kuti ndabwera kudzapuma chifukwa cha bondo. Zinazo ndidzawauza ndekha pang'onopang'ono. Musatume munthu kudzandichingamira ku siteshoni, ndipo musaphike chilichonse chapadera. Ndili ndi chikwama chimodzi. Ndidzalowera njira ya kuminda. Ana muwauziretu kuti ulendo uno mulibe mphatso, kuti asadzayang'ane m'manja mwanga.

Mufunse kwa Haji Bakhit ngati akufunabe munthu wa pa pampu yake nyengo ya chimanga. Musanene kuti ndine, mungofunsa.

Gomaa wandipatsa shuga ndi tiyi wa panjira. Anayesa kuseka, anati ndikafike ndi moni kwa Falansa.

Wolowa m'malo mwanga anafika Lachinayi. Dzina lake ndi Hilal, wa ku Girga, bambo wa ana anayi, tsitsi layamba kale imvi. Wavomera 35. Sindinamufunse kuti pepala lake likuti zingati. Masiku atatuwa takhala tikugona mosinthana m'kachipindamo, ndipo ndamuonetsa ntchito yonse: kumene pampu imavutira, amene amafuna galimoto yake itsukidwe dzuwa lisanatuluke, mayi wa khomo lachisanu ndi chiwiri amene safuna kupatsidwa moni, tsiku limene galimoto ya zinyalala imachedwa. Ndi munthu wofatsa, amamvetsera bwino. Ndamusiyira mpando, ndowa ndi ketulo.

Lero m'mawa nditamupatsa makiyi anandifunsa kuti, "Achimwene, pali china chimene ndiyenera kudziwa pa nyumba ino?"

Ndinati, "Chilipo chimodzi. Akadzabwera munthu ndi kope, n'kuloza khomo ili, n'kufunsa amene amakhalamo, udzanene kuti simukhala munthu."

Anandiyang'ana modabwa. Anati, "Ndidzaname kwa anthu a boma?"

Ndinati, "Sudzakhala ukunama. Anandiuza okha."

Ndine mwamuna wanu,
Shehata